Mbeu za m'kabokosi ka machisa

Abusa, amai busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu! Aleluya! A kumbuyoko sindinakumveni, Aleluya!

Lero ndaimirira kuti ndichitire umboni, chifukwa ndikakhala chete mtima undiphulika. Mundidziwa, ndine amake Lute, wa dimba la kuseri kwa Palabana, amene ndimakugulitsani tomato ndi repu. Koma zimene zinali m'dimbamo chaka chino simunazidziwe.

Mvula itangosiya, amuna anga, atate ake Lute, anatsika minibasi kuchokera ku Lusaka akumwetulira okha. M'thumba anali ndi kabokosi ka machisa kamene anawapatsa mnzao wa m'tauni. Nditsegule, muli timbeu totuwa. Ndinati, "Izi n'chiyani?" Iwo akuti, "Iwe usavute. Ni mankhwala aya. Anzanga onse abyala, ine nisalile chani?"

Abale, chinali chamba! Kabokosi kameneko kanali kuyenda m'manja m'manja. Uyu atapeko apatse mnzake, mnzakeyo apatse wina, mpaka kanafika pakhomo panga.

Ndinalira. Ndinati, "Atate ake Lute, mufuna ana akuoneni muli pa galimoto ya apolisi?" Anangoseka, nakabzala kuseri kwa nthochi, kumtunda kwa nazale yanga ya tomato. Munthu uja ukamuuza kuthirira repu amati msana ukuwawa, tsopano akulawira ndi keni yothirira m'manja! Amai mukusekatu, amuna athu muwadziwa.

Kuzula ndekha ndinaopa, m'nyumba mukanabuka nkhondo. Kuuza mpingo ndinachita manyazi. Ndinangogwada pakati pa mizere ya repu, dzuwa lili pamutu, ndi kunena, "Ambuye, manja anga alephera. Zulani ndinu."

Chinamera, abale. Chinamera bwino, chobiriwira, ine mtima uli m'mwamba. Koma chitafika m'maondo, masamba anayamba chikasu, kufota ngati athiridwa madzi otentha. Tsinde lada pansi, ukakoka mizu yaola. Atate ake Lute anathira fetereza, anapopera mankhwala, ayi ndithu. Apite kwa anzao aja, aliyense amene anatapa m'kabokosi kaja, nkhani yomweyo!

Dikirani, musaombe m'manja msanga. Madzi otsika kunthochi kuja amadutsa mu nazale yanga. Tomato wanga nayenso anayamba kugwa, tomato amene amatiphunzitsira ana. Ndinagwadanso, ndinati, "Ambuye, ine ndinati muzule chamba, sindinati tomato!"

Ndinaitana alangizi a zaulimi, mai wina wa njinga yamoto. Anayang'ana nazale, kenaka anatsata kangalande ka madzi mpaka kuseri kwa nthochi. Amuna anga thukuta lili chuchuchu. Mai uja anatola tsinde lofota, anawayang'ana kumaso, nati, "Atate, sinifunsa kuti ni chani ichi. Nachidziwa, ndipo lamulo mulidziwa. Koma mvelani. Mbeu yopasana m'manja imaoneka yabwino kunja, matenda ali mukati, simungawaone na maso. Mwaleta matenda mu dimba yanu mweka. Zulani, shokani vonse na moto, ndipo apa musabyalepo tomato pakali pano."

Tsiku lomwelo amuna anga anazula ndi manja awo. Ndi manja awo, abale! Moto anasonkha okha. Ine ndinaimirira patali kuopa utsi, ndingabwere kuno ndikuimba nyimbo zachilendo. Moto utazima anabwera pamene ndinali, anakhala pansi padothi, nati, "Amake Lute, nakulakwila. Ninafaka banja pa ngozi." Chikwatirane chathu mau amenewo ndinali ndisanawamvepo.

Sipanapite nthawi yaitali, apolisi anazungulira madimba a kwathu, ambiri munamva. Mnansi wathu wina, amene mbeu yake anaitenga kwina ndipo inakula bwino, anamutenga. Sindikuseka, ayi. Mkazi wake watsala yekha ndi ana, tiwaike m'mapemphero ndipo tikawaone. Atafika kwathu apolisi anayenda dimba lonse, anapeza repu ndi nthochi basi. Atachoka ndinangokhala pansi pamzere wa repu. Chikanakula chija, lero ndikanakhala ndikupereka chakudya kundende.

Tomato uja tinataya, sindinama, zinatiwawa. Koma tinafesa wina kutsidya kwa dimba, mbeu ya m'paketi yogula ku sitolo, ndipo panopa wachita maluwa. Amene akuthirira ndani? Atate ake Lute! Msana uja unachira!

Ndipo lero sindinabwere ndekha. Atate ake Lute, imirirani, musabisale kuseri kwa chipilala. Awo! Malaya oyerawo! Anadzuka okha m'mawa nati, "Niyembekeze, tiyendele pamodzi."

Zikomo Yesu, zikomo Yesu! Amai, nthungululu zili kuti? A kwaya, gwirani ng'oma! Imirirani nonse mukondwere nane, mwamuna wanga walowa m'nyumba ya Mulungu ndi miyendo yake! Aleluya!