Zithunzi za Malemu Zinapita Ndili Pomwepo

Zikomo owulutsa, ndi inu nonse omvera. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimalima mpunga ku Likangala.

Amuna anga atamwalira, akuchimuna pogawa katundu anapereka laputopu yawo kwa alamu anga. Zithunzi zonse za malemu zinali m'menemo. Alamuwo anaikamo okha sisitimu yatsopano, laputopu n'kukana kuyaka. Inkangoonetsa timawu toyera pa sikirini yakuda. Popita nayo kwa wokonza ku Zomba ndinawatsatira, ndili ndi maganizo opempha zithunzizo.

Wokonzayo anati, "Disiki yosungira zinthu m'katimu inagawidwa pawiri. Yasokonekera ndi mbali yoyatsira yokha. Mbali inayi muli zofunika, kapena ndipukute zonse?"

"Ingopukutani achimwene, mulibemo kanthu," anatero alamu.

Ine ndinali chiimire pambali, mwana kumsana. Ndinaona ngati n'chipongwe kutsutsa alamu pa katundu wogawidwa kale, choncho ndinangoonerera wokonzayo akupukuta zonse, ndi zithunzi zomwe. Laputopu inayaka bwinobwino.

Mwana wanga tsopano amalankhula. Akafunsa kuti ababa ankaoneka bwanji, ndimangomupatsa galasi kuti adziyang'ane.

Amayi anzanga, wokonza akafunsa, muziyankha, ngakhale alamu ali pomwepo.