Masilipasi Obiriwira Athere Pakhomo

Olemekezeka Meya wa tauni yathu ya Ashihama, Bambo Nagamine. Olemekezeka Mkulu wa koleji ino, Pulofesa Tsuruta. Olemekezeka Wapampando wa komiti yolandira alendo, Bambo Hirabayashi. Aphunzitsi nonse, mabanja amene mwatsegula makomo anu kuti ana a eni agonemo, ndi inu ophunzira za uinjiniya amene mwaoloka nyanja kudzakhala nafe chilimwe chino: ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba ngati ine, Kurihara Fumie, amene ndakalambira pa makina opopa madzi a kumtsinje kuja.

Pondiitana anandipempha kuti ndinene mawu ochepa ndi okoma. Ochepawo ndiyesetsa. Okomawo mundikhululukire, ndawasiya kunyumba, chifukwa mtima wanga unapsa chaka chatha ndipo mpaka lero sunazizire.

Chaka chatha tinalandira ophunzira ngati awa, ndipo tinawalandira bwino, palibe angatsutse. Tinakwera nawo phiri kukadyetsa agwape a kukachisi, tinawaveka kimono, chovala chathu cha makolo, n'kuwajambula, tinawagwaditsa pamphasa mpaka miyendo kuchita dzanzi kuti amwe tiyi wowawa, tinawaviika m'kasupe wotentha mpaka kufiira. Tsiku lomaliza basi inaima pa siteshoni yathu ya mapampu. Pakhomo anavula nsapato monga mwa mwambo, ndipo tinawapatsa masilipasi obiriwira a alendo, omwewa tavala ife akutsogolo kuno. Lamulo la malo aja mukulidziwa: wopanda jombo zachitsulo kutsogolo sadutsa mzere wachikasu. Choncho ana amene anabwera kudzaphunzira makina anaima kuseri kwa mzere, manja kumbuyo, kumaonerera pampu ngati anthu odutsa pamaliro a munthu wosamudziwa.

Pakati pawo panali Celestina Mabunda wa ku Mozambique. Taimirira pang'ono, mwana wanga. Ndi uyo. Kwawo mtsinje ukasefukira madzi amafika pawindo la nyumba, ndipo pampu ya m'tauni mwawo ndi ya mtundu umodzi ndi zathuzi. Ikafa, amadikira katswiri wochokera kutali, madzi ali m'nyumba. Mwanayu anabwera kuti katswiriyo adzakhale iyeyo.

Tsikulo anandikoka malaya n'kunena, "Amayi, ndilowe nawo. Ndingogwirako sipanala basi."

Ndisanayankhe, a Hirabayashi anawerama mwaulemu. "Iyayi, iyayi, inu ndinu mlendo wathu. Mukadetsa malaya, ife nkhope tikaziika kuti?"

"Malaya ndichapa, bambo."

"Komanso nthawi yatha. Basi ikudikira, mukagule mphatso za kunyumba."

"Nanga kwathu ndikanena chiyani? Kuti pampu ndinaiona, ndi yokongola?"

Anthu anaseka, monga mukusekeramu. Iye sanaseke. Ine ndinakuwa kuti wina athamange akatenge jombo, koma anandiyankha kuti za alendo palibe, basi n'kuliza hutala. Akubweza masilipasi pakhomo, Celestina anandiuza kuti, "Kimono ija inandikhala, amayi, koma madzi akabwera sindikawathamangitsa ndi chithunzi."

Mawu amenewo anandilasa chifukwa mzere wachikasu uja ndimaudziwa kuposa nonse muli muno. Nditangomaliza sukulu, ndinali mkazi ndekha pa siteshoni ija. Palibe anandinyoza. Anandilemekeza kwambiri moti anandipatsa ketulo, ndiziwathirira tiyi amuna amene ndinawaposa mayeso. Ndikapempha jombo ankati, "Za phazi laling'ono choncho sapanga, a Kurihara, khalani kuno kwaukhondo." Tsiku lina ndinatola jombo za mwamuna zotayidwa, ndinafutsamo nyuzipepala, n'kudutsa mzere uja ndikukwekweta mapazi. Kapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anati, "Wabwera kale, gwira apa." Zonse zimene ndikudziwa zinayambira pa mawu amenewo. Ndiye musandiuze kuti ulemu sungamange munthu, ine unandimanga ndithu, wina akuwerama uku akumwetulira.

Chaka chino Celestina wachonderera kuti abwerenso, ndipo amulola. Ndi chaka chake chomaliza pa sukulu, mwayi wachitatu kulibe. Nditamva ndinakondwera, ndinafunsa komiti kuti ku siteshoni afika liti. Anandiyankha kuti tsiku lomaliza, kudzaonerera, chifukwa chaka chino awonjezera ulendo wokathyola mapichesi ndi wokaona makombola a chikondwerero. Mapichesi! Abale anga, kodi tawaitanira chiyani ana a eni? Makolo awo anawaperekeza kuti adzabwerere ndi nzeru m'manja, ife tikuwabweza ndi timatawulo tojambula maluwa. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ife mamewo tikuwataya pa zithunzi.

A Hirabayashi, musayang'ane pansi, sindikudana nanu. Ndikudziwa kuti mumadzuka m'mawa kuwerenga mipando ya m'basi ndi kufunsa amene sadya nkhumba, ndipo pa zimenezo ndikukuthokozani kuchokera pansi pa mtima. Maulendo si oipa. Apite akaone agwape Lamlungu, akadye mapichesi mpaka mimba kuwawa. Koma mlendo amene wabwera kudzaphunzira ntchito, ulemu wake ndi girisi m'zikhadabo.

Taonani makatoni ali kukhomo kumbuyoko. Muli jombo ndi maovololo, asonkha ndi anzanga ogwira ntchito pa siteshoni, ndipo za phazi laling'ono zilimo. Pampu yachiwiri yafika nthawi yoimasula namondwe asanayambe, ndipo tikusowa manja. Chatsala ndi chilolezo chokha. Pulofesa Tsuruta, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye ndikufunsa inu pamaso pa a Meya: kodi kuyambira Lolemba basi ija ingamayambire kumtsinje m'mawa uliwonse? Mwati chiyani? Sindinamve, makutu anga anagontha ndi makina. Aa, mwagwedeza mutu. A Meya mwaona, aholo yonse mwaona. Ombani m'manja ndithu, kuno kwathu munthu akavomera pagulu sabwerera.

Tsopano mundilole ndichite chinthu chimene sichichitika muholo muno. Masilipasi awa ndikuwavula, ndikuwasiya pano patebulo la olemekezeka kuti komiti iziwayang'ana ikamakonza maulendo. Izi ndikuvalazi ndi jombo zanga zakale. A Hirabayashi, musakomoke, kunsi kwake ndatsuka ndi sopo.

Inu ophunzira, kuyambira lero ulendo wanu watha, ntchito yayamba. Mukafika pa siteshoni mutenga tsache ngati wina aliyense, mukalakwitsa tikukalipirani ngati ana athu. Celestina, Lolemba ubwere ndi malaya amene sukuwakonda. Chivundikiro cha pampu ija umasula ndiwe, ndi kubwezera ubwezera ndiwe, mpaka manja ako aziidziwa maso ali chitsinzire. Ndidzaima pambali pako, ndipo ndidzakuuza mawu amene ine ndinauzidwa: wabwera kale, gwira apa.

Ndi mphamvu zimene mwandipatsa, ndiponso nditaponda pansi ndi jombo, ndikulengeza kuti maphunziro a alendo athu a chaka chino atsegulidwa, ndipo mzere wachikasu watsegulidwa nawo limodzi.

Zikomo kwambiri nonse.