Za Kunsi kwa Bedi

Apongozi akafika pakhomo pa munthu sankayamba ndi moni, ankayamba ndi tsache. Ankati khalidwe la mkazi limagona kunsi kwa bedi, ndipo n'komwe anatulutsa kabotolo ka mapilitsi m'mawa umenewo, mwana wawo ali kuulendo ndi lole ya kuntchito.

Anamuitana mtengwa wawo, yemwe ankachapa panja.

"Mwadwala liti?"

"Sindikudwala, amayi."

"Nanga awa ndi maswiti?"

"Ndi mankhwala. Amateteza kuti munthu asatenge kachilombo ka HIV. Ndimamwa limodzi patsiku."

"Ndiye muli nako."

"Ndikanakhala nako sakanandipatsa amenewa. Amayamba ayeza magazi."

Apongozi anakhala pabedi, tsache lili pamiyendo.

"Munthu wabwinobwino kumwa mankhwala! Munaonapo munthu akumanga bandeji mwendo wosathyoka?"

"Sindinaonepo."

"Basitu!"

"Koma awa samanga, amayi. Amameza."

"Musandiphunzitse! Mkazi womwa zimenezi ali ndi kumene amapita."

"Ndimapita kumsika ndi kuchipatala."

"Ndiye mukunena mwana wanga? Mwana amene ndinamusambitsa ine?"

"Sindinamunene. Anamwino anandifunsa kuti amuna anga amagona pakhomo masiku angati pa sabata. Ndinati awiri."

"Ndiyeno?"

"Anafunsa kuti asanu enawo amagona kuti. Ndinati sindidziwa. Anatsegula kabati ya mankhwala."

Apongozi anaimirira n'kutsitsa chikwama pamwamba pa wodilopu, fumbi lili koboo.

"Longedzani. Mukafotokozere amalume anu zimenezi. Pano simugona."

"Chabwino. Ndilongedzenso zochapa zija? Sizinaume."

"Zonse!"

Mtengwa anayamba kupinda madiresi mosamala, ngati akupita kuukwati. Kufatsa kumeneku n'kumene kunawapsetsa mtima apongoziwo.

"Masiku awiri mukudandaula? Atsikana a lero inu! Bambo ake aja, pa ukalamba wawo uja, amagona pakhomo tsiku limodzi lokha. Ine ndinamwapo chiyani?"

"Asanu ndi limodzi enawo amagona kuti?"

"Kuntchito. Ndi alonda."

"Paja anapuma ntchito chaka chatha?"

"Amakathandiza anzawo."

"Oo."

Mtengwa anapinda diresi lina. Apongozi anayang'ana khoma, kenako kabotolo kaja. Anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Tandigawireni awiri ndione kuwawa kwake."

"Sagawana, amayi. Aliyense amakayezetsa yekha."

"Amafunsa zaka?"

"Amafunsa masiku."

Apongozi anakoka chikwama chija n'kukhuthulira madiresi onse pabedi. Anaponyamo nsalu yawo, magalasi, kabuku kawo kakuchipatala ndi botolo la madzi, n'kutseka zipi ndi mphamvu.

"Valani nsapato."

"Tikupita kwa amalume?"

"Amalume anuwo amayeza magazi? Tsogolani!"