Anati Ndinapereka Nzeru za Mkazi Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikuuzeni mmene ndinatsalira pang'ono kulandidwa mkazi wanga, aNangozo, ali moyo.

Matenda awo anabwera ngati nkhungu ya kuno ku Lizulu, yotsika mwakachetechete mpaka munda osaonekanso. Anayamba kuiwala mayina a adzukulu, kenako langa. Dzuwa likapendeka ankavala chitenje chatsopano n'kukakhala m'mbali mwa msewu, ati akudikira mwamuna wawo wochokera ku Joni. Mwamunayo ndi ine, ndipo ndinabwerako kalekale.

Alamu anga, mlongo wawo wa aNangozo, amene tinkagwira nawo ntchito kumigodi, anabwera ndi mlandu. Anati ndinakhwimira mbatatesi, ndinapereka nzeru za mlongo wawo kuti munda ubereke, choncho ndikakolola adzawatenga. Ine wokhwima? Ine amene ndimasunga pepala lililonse, la ubatizo, la ukwati, ngakhale malisiti a feteleza amene anabereketsa mundawo? Ndinayala zonse pamphasa, koma alamu sanayang'aneko n'komwe. Zimandipsetsabe mtima.

Ndinkapemphera, koma mawu ankangoyandama ngati utsi. Ndinkalota ndili pansi pamgodi, aNangozo akuimba kuseri kwa thanthwe, nyale yanga ikuzima.

Yankho linadzera kwa bambo Saidi, Msilamu wa golosale pamsika, amene ankapatsa aNangozo mpando pakhonde. Anandiuza kuti malemu mayi ake anadwala chimodzimodzi. Popita kukaoda katundu ku Boma anatikweza pagalimoto yake kuti tikaonane ndi dokotala, ndipo anakana kunyamuka mpaka alamu atakwera.

Kuchipatala dokotala anayeza aNangozo, nafunsa zambiri, kenako anatembenukira kwa ife. Anafotokoza kuti thupi limabadwa ndi chitetezo chake, ndipo muubongo muli mapuloteni a chitetezocho amene amaika chizindikiro pa timalumikizo ta maselo a ubongo totha ntchito, kuti maselo oyeretsa atichotse. Pa matenda oiwala a ukalamba, akatswiri akuona kuti nthawi zina chizindikirocho chimagwera pa timalumikizo tabwino, n'kuchotsedwa. Anati nkhaniyi akuifufuzabe, mankhwala ochiza palibe, koma wodwala amakhazikika akakhala panyumba imene anaizolowera.

Alamu anaponya maso patali. Ndinadziwa kumene anali. Kumgodi, akaphulitsa, munthu ankatsogola ndi penti kulemba miyala yogwedera, ife n'kumaigwetsa pambuyo pake.

"Ndiye kuti wapentiyo akulemba nsanamira zochirikiza mgodi," anatero alamu motsitsa mawu.

"Eya, bambo, n'zofanana ndithu," anayankha dokotala.

Pobwerera alamu anagwira dzanja la mlongo wawo njira yonse. Titatsika anangoti, "Alamu, asungeni." Sanapepese, ndipo zimenezo ndazisunganso.

ANangozo sanachire, ndisanamizire Mulungu. Koma ali pakhomo pawo, ndimawasambitsa ndine, ndipo masiku ena alamu amabwera kudzandipumitsa. Ndikuthokoza Ambuye amene anatuma munthu wa chipembedzo china kudzanyamula mtolo wanga. Inu amene muli ndi wokalamba woiwala, musamutchule mfiti, musalozenso chala womusamalira. Pitani naye kuchipatala, ndipo musaleke kupemphera.

Dzulo ndikudzoza aNangozo mafuta kumapazi anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Bambo inu ndinu abwino. Kodi muli ndi banja?"

Ndinati ndili nalo. Anati mkaziyo anachita mwayi.