Nyundo Zinayi ndi Fomu Imodzi

Mu Juni 1991, lole ya mbatata itandisiya pa Neno, ndinabisala mphepo pa benchi ya mu ofesi ina yaing'ono imene inkalemba magulu odzavina ndi kuimba pa chikondwerero cha ufulu. Ndili pomwepo analowa a Zefaniya a ku Ligowe, mtchona wa ku migodi ya ku Joni, n'kuika wailesi ya kaseti patebulo pa a Lenard, kalaliki wochokera ku Kasungu amene sankalemba mzere popanda rula.

"Dzina la gulu?" anafunsa a Lenard, bolopeni ili m'mwamba.

"Nyundo Zinayi."

"Mulipo angati?"

"Atatu. Ine pa gitala, Laimoni pa besi, Gerishon pa ng'oma."

"Nyundo Zitatu," a Lenard analemba.

"Zinayi, bwana! Wachinayi anali Ezekiele, anatithawa n'kukalowa kwaya."

"Ndiye anapita ndi nyundo yake. Gule wanu ndi gule wanji? Pa fomu pali chimtali, ngoma, beni, kwaya."

"Zathu si zimenezo. Ku mgodi kunali mzungu wina wa magetsi, ankamvera nyimbo za kutsidya kwa nyanja. Gitala kubangula ngati chigayo, ng'oma ngati matalala pa malata. Nyimbo imodzi imayamba iwe ukumeta ndevu, pokatha zameranso. Pobwerera kumudzi anzanga anagula njinga ndi mabulangete. Ine ndinagula gitala yamagetsi, sipika ndi batire ya galimoto."

"Galimoto yake ili kuti?"

"Palibe galimoto."

A Lenard anayang'ana a Zefaniya kwa kanthawi, kenako anayang'ana mutu wawo.

"Oimba zoterezi ndimamva kuti amasunga tsitsi ngati amayi. Lamulo mukulidziwa."

A Zefaniya anavula chipewa. Dazi linawala mpaka pakhosi.

"Timangogwedeza chomwechi," anatero.

"Chabwino. Nyimbo imene mudzaimbe?"

"Dikirani, bwana. Simungamve yachitatu musanadziwe ziwiri zoyamba." A Zefaniya anatulutsa makaseti atatu m'thumba la jekete n'kuwandandalika ngati ana a sukulu pa mzere. "Iyi ndi ya 1988, Pansi pa Mwala. Nyimbo zinayi. Tinajambulira m'nyumba yosungira tirigu. Tinapanga makaseti asanu ndi imodzi."

"Anthu anawalandira bwanji?"

"Anayi alipobe kunyumba. Awiri mayi a kunyumba, a Clara, anasolola ulusi wake n'kumangira m'dimba."

"Chifukwa?"

"Kuopseza mbalame. Zimathawa ndithu, ngakhale isakulira. Ndiye muone mphamvu yake."

"Pa fomu palibe mzere wa mbalame."

"Iyi ndi ya 1989, Mphepo ya ku Dambe. Nyimbo ziwiri zokha, mbali iyi imodzi, mbali iyo imodzi. Apa ndiye tinakula. Tinakaiimba pa ukwati ku Matope. Mkwatibwi anangokweza phazi chonchi, nyimbo n'kukhota. Anatsala mwendo uli m'malere, kudikira kuti ng'oma ibwerere."

"Inabwerera?"

"Imabwerera pakatha mphindi khumi. Anthu a ku Matope alibe chipiriro. Ankhoswe anatipatsa tambala wamoyo."

"Wothokozera?"

"Woti tisiye. Koma tambala ndi tambala, bwana. Ezekiele ndiye anachita manyazi, mawa lake anali ku kwaya."

A Lenard anawongola rula. "A Zefaniya, ine ndafunsa nyimbo imodzi."

"Nayi. Ya chaka chatha. Ulendo wa pa Lole, Zalewa mpaka Neno. Nyimbo imodzi, kaseti yonse, mbali zonse ziwiri." A Zefaniya anatsitsa mawu. "Bwana, ndikuuzeni zoona. Laimoni ndi Gerishon andiuza kuti tikapanda kukwera pa nsanja chaka chino, nawonso akutsata Ezekiele. Zaka zinayi tikuimbira mbuzi ndi matumba a tirigu. Popanda chidindo chanucho, Nyundo zatha."

"Chidindo chilipo. Koma malamulo ndi awa. Nyimbo iliyonse ndiimve ndekha. Nyimbo iliyonse ikhale ndi fomu yake. Isapitirire mphindi zisanu. Ndipo fomu yatsala imodzi, ndi imene ndayamba kulembayi. Zina zichokera ku Mwanza chikondwerero chitatha."

"Imodzi yakwana. Nyimbonso ndi imodzi. Ndibwerekeni bolopeni."

"Mulembe chiyani?"

"Ndibwezere kaseti poyambira. Mabatire ndi osungira nyimbo, si obwezera."

A Zefaniya analowetsa bolopeni ya boma m'bowo la kaseti n'kuyamba kuizunguza m'mwamba ngati akupota chingwe. A Lenard anakhala manja ali pa fomu, maso akutsata bolopeni yawo. Itabwezedwa anaipukuta ndi mpango, anavula wotchi n'kuiika patebulo.

"Yambani."

Chimene chinatuluka m'wailesi muja sindinachimvepo kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Galu amene anagona pakhomo anadzuka n'kupita osatsanzika. A Lenard anagwira botolo la inki kuti lisayende. Patapita nthawi phokoso linaduka mwadzidzidzi.

"Nyimbo yoyamba," a Lenard anayang'ana wotchi, "mphindi zisanu ndi ziwiri. Yapitirira."

"Siinathe! Apo lole ikusintha giya!"

"Oimba akasiya, nyimbo yatha. Munthu atha kuwomba m'manja pamenepo."

"Amene angawombe m'manja pamenepo ndimtsikira pa nsanja!"

Phokoso linayambiranso.

"Nyimbo yachiwiri," anatero a Lenard. "Fomu yachiwiri. Palibe."

"Ndi imodzi yomweyo, bwana, chigawo chachiwiri! Zigawo zilipo zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye mafomu asanu ndi awiri."

"Nyimbo ndi imodzi!"

"Ngati ndi imodzi, ndi yotalika bwanji?"

"Mphindi makumi anayi."

"Yapitirira."

"Ndiye muitenge m'zigawo!"

"Mafomu palibe."

A Zefaniya anavala chipewa, anachivulanso. A Lenard anali atayamba kuyesa phazi pansi pa tebulo. Limati likagunda kanayi, lachisanu n'kupeza ng'oma yasamuka.

"Kodi woimba ng'oma wanuyu amadwala? Phazi langa likusowa poponda. Amayi adzavina bwanji?"

"Asavine, amvere. Nyimbo za kuno mumawerenga kanayi n'kubwereza. Yathuyi timawerenga kasanu ndi kawiri, kenako kasanu, kenako kasanu ndi kawiri. Gerishon anaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, anachita kuonda. Mwamva pamenepo? Du-du-dum, gwa! Apo lole yagwa m'dzenje."

A Lenard anaika bolopeni pansi pang'onopang'ono.

"Dzenje?"

"Eya, lija la pokhota."

"Mu msewu wa boma?"

"Aaa, bwana..."

"Mukuti msewu wa boma uli ndi maenje?"

"Ine sindinanene kanthu. Nyimboyi ilibe mawu ngakhale amodzi."

"Ng'omayi yanena. Ndaimva ndekha. Yanena katatu."

"Kodi inu kuno munabwera pa chiyani?"

"Pa lole."

"Simunagwe m'dzenje?"

"Ndinagwa. Koma sindinaimbe." A Lenard anasuzumira pa zenera. "Chigawo chachiwiri ndachikana. Nanga uyu akulira chonchiyu ndani?"

"Ndi gitala yanga imeneyo. Chigawo chachitatu. Mayi wina anakwera ndi dengu la mazira, onse asweka."

"Mayi akulira. Pa tsiku la ufulu. Pamaso pa alendo ochokera ku Mwanza."

"Akulira mazira, bwana!"

"Alendo adzadziwa bwanji kuti ndi mazira? Adzafunsa kuti amayi a ku Neno akulira chiyani. Kenako adzafunsa kuti anadinda ndani. Ine ndili ndi ana anayi, a Zefaniya. Ndachikana."

Gitala inalira komaliza, kenako zii. M'wailesi munangotsala kamphepo kosisita, ngati munthu akusesa kutali. A Lenard anatambasula dzanja kuti agwedeze mabatire. A Zefaniya anawagwira pamkono.

"Musakhudze!"

"Yafa."

"Siinafe. Chigawo chachinayi chimenecho. Lole Yazima pa Chikweza. Injini yathima, anthu onse chete, aliyense akuganiza za moyo wake. Mtima wa nyimbo yonse uli pamenepa."

"Palibe chikumveka."

"Ndiye luso lakelo. Ndinachipeka milungu itatu, osagona. Kuimba phokoso aliyense atha. Koma kukhala chete pa nthawi yake, Ezekiele yemwe zinkamukanika."

A Lenard anatenga wotchi. Tinamvera tonse atatu. Galu uja anabwerera n'kugona pamalo pake. Mphindi imodzi. Ziwiri. Nkhope ya a Lenard inayamba kumasuka ngati ya munthu amene dzino lasiya kumuwawa. Ndiye chakumapeto kwenikweni, m'kati mwa kasetimo, tambala analira. Kokoliliko!

A Lenard anaimirira n'kumanga batani la jekete.

"Tambala," anatero ndi ulemu. Masiku amenewo tambala wakuda ndiye anali chizindikiro cha chipani, ndipo munthu sunkamva kulira kwake m'ofesi uli chikhalire. Nanenso ndinaimirira.

Ng'oma zitangoti ziyambirenso, a Lenard anazimitsa wailesi.

"Mphindi zitatu ndi theka. Mawu oipa palibe. Dzenje palibe. Wolira palibe. Ndipo ikutha ndi tambala." Anakhala pansi, anaika rula, n'kuyamba kulemba. "Dzina la nyimbo, Lole Yazima... ayi, za lole tizisiye. Kwacha pa Chikweza. Kavinidwe kake, kuima chilili."

"Bwana, mukulemba chiyani?"

"Ndavomereza. Mudzakwera pa nsanja pambuyo pa ana a sukulu."

Chidindo chinagwa, phaa!

"Mwavomereza chiti?"

"Chachinayi."

"Chokhacho?"

"Fomu ndi imodzi."

"Koma imeneyo si nyimbo!" A Zefaniya anamenya tebulo. "Waya wa batire unaguluka tikujambula! Laimoni anathamanga kukafuna pulayala kwa aneba, ife n'kutsala tikuyang'anana! Kaseti ina yojambulira tinalibe, ndiye ndinangochipatsa dzina!"

"Mwanena kuti munachipeka milungu itatu."

"Ndimangokometsa nkhani!"

"Ndiye kuti mwanama mu ofesi ya boma?" A Lenard anatsegula kabati n'kuyamba kufunafuna pepala lina. "Imeneyo ili ndi fomu yake. Zimenezo zilipo zambiri."

 A Zefaniya anayang'ana ine, ine ndinayang'ana galu.

"Ndinachipeka," anatero.

"Milungu ingati?"

"Itatu."

"Zimamveka. Ntchito yake ndi yaukhondo." A Lenard anatseka kabati. "Ndakonzanso dzina. Nyundo Zinayi, monga munafunira. Inu, Laimoni, Gerishon ndi tambala. Makhadi a chipani mudzabwere nawo atatu, tambalayo chipani chimamudziwa kale. Mudzaimbe monga ndamvera pa kaseti, osawonjeza, osachotsa. Tambala adzalire pa mphindi yachitatu."

"Tambalayo kulibe."

"Ali kuti? Nayenso analowa kwaya?"

"Ndi uja wa ku ukwati wa ku Matope. Tinadya pa Khirisimasi."

A Lenard ananyamuka, anatseka zenera, anatseka chitseko, n'kubwerera ndi zala za kumapazi.

"Munadya tambala," ananong'ona. "Anali wamtundu wanji?"

A Zefaniya anayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu.

"Wofiira."

"Pa kaseti akumveka wakuda."

"Wofiira, bwana. Psuu, kuchita kupsa."

"Zimenezi sindinazimve, ndipo madala ali pa benchiwa ndi ogontha." Ndinavomera ndi mutu. "Mukapeze wina, wakuda. Mwatsala ndi milungu iwiri yomuphunzitsa."

"Akakana kulira?"

"Ndiye kuti mwaimba nyimbo ina yosavomerezedwa."

"Nanga gitala?"

"Mubwere nayo, ndi yokongola. Batire musiye kunyumba."

A Zefaniya anatolera makaseti awo atatu mmodzimmodzi. Anatenga pepala lija, analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la pamtima.

"Nsanja ndi nsanja," anadziuza okha. "Laimoni ndi Gerishon sananene kuti tikaimbe chiyani. Anangoti tikwere."

Anafika pakhomo, anatulutsanso pepalalo kuti alione padzuwa. Anawerenga ndi chala, mzere ndi mzere. Kenako anabwerera, chipewa chili m'manja.

"Bwana, pamzere wa mtsogoleri wa gulu mwalakwitsa. Gitala ndi yanga, batire ndi yanga, makaseti atatu onsewa ndinapeka ndine. Apa mwalemba ndani?"

A Lenard anali akupukuta chidindo, osadzutsa mutu.

"Mtsogoleri ndi amene akumveka, a Zefaniya. Inu muli pamzere wapansipo. Wonyamula tambala."