Shushu wa Malemu Mkazi Wanga

Ine, amene anthu a kwathu amanditcha Alonda, wazaka 76, wokhala m'chipinda chakuseri pa nyumba ya mwana wanga, mzere wachiwiri kuchokera pa chigayo, wopuma pa ntchito ya ulonda, ndikunena izi.

Malemu mkazi wanga anadzala shushu pa mpanda wa waya umene unkatilekanitsa ndi mayi wosoka zovala, amene timawatcha Atelala. Shushu sadzalidwa ngati dzungu. Alibe nthanga zoti uyanike n'kusunga m'botolo. Umasiya chipatso chathunthu pamthunzi mpaka chiphuke, ndiye n'kuchikwirira chonsecho. Ukadya chomaliza, mbewu yatha.

Chaka chatha mwana wanga woyamba, amene amayendetsa lole, anachotsa waya uja kuti amange mpanda wa njerwa. Shushu anamudula, muzu n'kuukumba. Sanandifunse. Nditamufunsa ineyo anati, "Bambo, pano ndi pakhomo, si kudimba." Malo amenewo ndinawapeza ndine, iye asanamere mano. Wapolisi akuti zimenezi si za mlandu uno. Ine ndati zilembedwe.

Pa mulu wa zinyalala ndinatolapo zipatso ziwiri zokhwima. Chimodzi ndinapatsa Atelala, popeza iwo ndi malemu ankathyola limodzi, uyu mbali yake, uyu mbali yake. China ndinachiika m'beseni pansi pa bedi langa. Chinatulutsa mphukira yotalika ngati chala.

Lamlungu lina kunabwera abale a mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayo. Ine mbale yanga anandiikira pakhomo la chipinda monga mwa masiku onse. Munali shushu wokazinga ndi anyezi ndi tomato, wapsa mpaka kusanduka phala. Malemu sankaphika choncho. Ankamudula mopyapyala, mafuta pang'ono, mchere kumapeto, n'kumuphula akadali wolimbako. Ndinasuzumira pansi pa bedi. M'beseni munalibe kanthu.

Ndinafunsa mpongoziyo. Anati, "Apongozi, abwera naye alendo wophikaphika." Ndinati aonetse manja. Shushu ali ndi utomoni, ndipo ukamusenda osamuviika m'madzi, khungu la m'manja limauma n'kusupuka. Manja ake anali ngati wagwira guluu. Anaseka nati, "Ndiye mumafuna aolere pansi pa bedi? Chipinda chikununkha kale." Mbale ndinaibweza osaikhudza. Mwana wanga anali pomwepo akutafuna.

Atelala chawo chija anachikwirira kumbali kwawo, m'munsi mwa mpanda. Mvula itagwa shushu anakwera njerwa, nsonga n'kugwera kwathu moyang'anana ndi zenera langa. Atayamba kubereka, Atelala ankaphika monga ankachitira malemu, n'kumandipatsira mbale pamwamba pa mpanda. Ine ndinkakwera pa njerwa zotsala kuti ndilandire. Mpongozi anayamba kunena kuti masambawo akubweretsa njoka. Njoka sindinaionepo. Kenako anati anthu a pa chigayo akunena kuti pakhomo pathu nkhalamba imagona ndi njala.

Lachitatu lapitali m'mawa, ana atapita kale kusukulu, ndinali nditakwera pa njerwa zija, mbale ili m'manja. Mwana wanga anatuluka m'nyumba atavala malaya amkati okha. Anafuulira kuseri kwa mpanda kuti, "Mayi inu, bambo anga si wopemphapempha!"

Atelala anayankha kuti, "Ndiye muziwapatsa chakudya, achimwene, osati kuwadyera mbewu yawo."

Mpongozi ali pazenera la kukhitchini anauza mwamuna wake kuti, "Mwamva? Akukutukwanirani pakhomo panu. Imani choncho ngati mtengo wa magetsi."

Mwana wanga anapita pa lole, natenga chikwanje chimene amasunga kuseri kwa mpando, cha chogwirira chomanga ndi mphira. Anazungulira kumsewu n'kulowa pa geti ya Atelala osaodira. Ine sindinatsike pa njerwa. Kuchokera pamene ndinaima kufika pamene iye anaima, mtunda wake sukwana kutalika kwa bedi.

Anayamba kudula nthambi za m'mwamba. Zipatso zinagwa, zina anaziponda. Atawerama kuti adule tsinde, Atelala analigwira ndi manja awiri nati, "Ameneyu ndi wa amayi ako, mwana iwe!" Iye anati, "Chotsani dzanja." Ananena kamodzi kokha. Atelala sanachotse. Anakweza chikwanje natema. Chinadula tsinde n'kutera pa mkono wamanja, pang'ono pamwamba pa chikhatho. Umenewo ndi mkono umene amagwirira sizasi. Atelala anakhala pansi osalira. Magazi anagwera pa masamba ndi pa tepi yoyezera imene inali m'khosi mwawo.

Atelala analibe chida chilichonse. Sanamumenye, sanamukankhe. Panalibe lata pafupi.

Ndinaitana anthu. Wogulitsa makala anawamanga mkono ndi nsalu ya pa makina, n'kuwakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala. Mwana wanga anabwerera kwathu, natsuka chikwanje pa mpopi, n'kuchibwezera kuseri kwa mpando. Mukakayang'ana mukachipeza.

Madzulo a tsiku lomwelo analowa m'chipinda changa. Chiyikireni maliro a amayi ake anali asanalowemo. Anabwera ndi buledi ndi shuga, nakhala pa bedi. Anati, "Bambo, apolisi akakufunsani, munene kuti maso anu saona bwino. Mayi aja adzicheka okha pa lata." Ndinamufunsa kuti lata lake liti. Anati, "Inu mungonena." Mpongozi ataima pakhomo anati, "Akakalankhula zambiri, chipinda chino tiikamo matayala a lole. Akadye shushu wawoyo kumene akagone." Mwana wanga sanamutsutse. Anayang'ana pansi, kenako anatuluka. Buledi ndi shuga ndinaziika panja.

Maso anga amaona. Ulusi ndimalowetsa ndekha pa singano. Ndaona mageti a anthu usiku ndi usana kwa moyo wanga wonse, ndipo mwana amene ndinabereka sindingamusokoneze ndi munthu wina. Amene anatema Atelala ndi iyeyo.

Bulangete, jekete ndi beseni ndabwera nazo, zili pa benchi panjapo. Sindinadikire kuti azitulutse ndi mpongozi.

Tsinde analidula koma muzu sanaukumbe, anauiwala ataona magazi. Uli m'munsi mwa mpanda, kumbali ya Atelala, ndauzungulira ndi miyala ndipo m'mawa uno ndauthirira. Ndikupempha kuti wapolisi amene akaone malowo asakapondepo.

Ndi zomwe ndikudziwa, zonse. Andiwerengera ndipo palibe choti chichotsedwe.

Wopereka umboni: Alonda ____________

Wolemba: wapolisi wa pa kauntala ____________