Lamya yakuda ya Bambo Velko Dragnev

Malemu athu, Bambo Velko Dragnev, anabadwa pa 9 Malichi 1951 konkuno ku Gabrovo. Anali oyamba m'banja la ana atatu, ndipo ine Anastas ndine chitsiriza. Ali ndi zaka ziwiri, matenda oumitsa khosi anawatseka makutu. Inu anzawo osamva amene mwaima kumbuyoko, senderani kuno muziona manja a mwana wawo Ralitsa, poti lero akumasulira yekha maliro a bambo ake.

Mu 1958 anapita kusukulu yogonera ya ana osamva. Kumeneko aphunzitsi ankaletsa chinenero chamanja, ati mwana aphunzire kutchula mawu amene sanawamvepo. Malemu anatulukako akudziwa zinthu ziwiri: kusoka nsapato, ndi kutukwana ndi dzanja limodzi pansi pa tebulo.

Mu 1969 analowa ntchito kufakitale ya nsapato, ndipo mu 1976 anamanga banja ndi Mayi Nevena, amenenso samva. Oyandikana nawo ankayamikira kuti banjali silimveka phokoso. Sankadziwa kuti mkangano ukafika pothina, mayiwa ankangotsinzina, mlandu n'kuthera pomwepo.

Mu 1986 fakitale inawasankha kukhala wantchito wopambana onse. Bwana wamkulu analankhula mpaka thukuta kamukamu, kenaka anawapatsa mphoto imene mabanja ena ankaidikira zaka zambirimbiri: lamya yakuda, ya belu lamphamvu. Malemu anagwadira ulemuwo, nakaiika lamyayo pakansalu koluka. Inathandiza nyumba yonse ya nsanjika kupatula eni ake. Kuchokera tsikulo, dzina lawo lamanja linasintha. Anzawo pofuna kuwatchula ankangoika chala chachikulu kukhutu, chaching'ono kukamwa.

Atapuma pantchito mu 2011, Ralitsa atapita kukagwira ntchito ku Spain, malemu anayamba kuyendera maofesi akulikulu. Ankapempha kuti boma lizilipira omasulira apafoni, oti munthu wosamva akaimba azimuona pagalasi n'kumulankhulira kwa dokotala kapena apolisi. Paliponse akuluakulu ankawagwira chanza ndi manja awiri, n'kulonjeza kuti awaimbira.

Mu 2021 ntchitoyo inatsegulidwadi. Panali riboni, kachasu wathu wa rakiya ndi atolankhani, ndipo wolemekezeka wina anaphunzira kunena moni ndi manja, ngakhale chimene ananenacho chinali dzina la nsomba. Koma omasulirawo ankapezeka mkati mwa sabata pokha, ndipo chaka chilichonse ndalama zinkatha masamba asanayoyoke. Malemu ankakonda kuuza mayi kuti, "Nevena, mtima wangawu ndaulangiza kale. Ukafuna kuvuta uzivuta Lachiwiri m'mawa, boma lisanatope."

Mtimawo sunamvere. Loweruka pa 16 Novembala 2024, masana, akuthira mchere kabichi wosungira nyengo yozizira, malemu anagwira pachifuwa n'kugwa. Mayi Nevena anadina foni yam'manja. Pagalasi sipanabwere nkhope ya munthu, koma mawu oti ntchitoyi yaimitsidwa kufikira chaka chamawa, ndipo akuthokoza chifukwa chomvetsa. Anatsika masitepe akugogoda khomo ndi khomo, koma ambiri anali atapita kumidzi. Pamene anapeza womva wowaimbira foni pansi penipeni, ambulansi n'kufika, achimwene anali atatisiya.

Asiya Mayi Nevena, mwana mmodzi, zidzukulu ziwiri, mlongo wawo Stoyanka ndi ine. Lamlungu Ralitsa abwerera kuntchito. Mayi atsala okha pansanjika yachinayi, ndi mtima wawonso wa mapilitsi, kudikira chaka chamawa.

Tikuthokoza ansembe, amayi amene mwawiritsa tirigu wamaliro monga mwa mwambo wathu, ndi anzawo akufakitale amene mwanyamula bokosi. Tikuthokozanso akuluakulu akulikulu chifukwa cha nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse pano. Amene anaibweretsa wadandaula kuti mabwana ake anayesetsa kuimba kunyumba kuti apepese mayi, koma palibe anayankha. Anaimba pa lamya yakuda ija. Mutikhululukire, mabwana, mphaka wawo yekha ndiye anaimva.

Achimwene, mwapita kumene sikufunika womasulira. Usani mumtendere. Ife tikakusowani tiziika dzanja kukhutu monga mwa dzina lanu, n'kudikira.